Henry Bence Jones, dokotala amene ankawerenga matenda mumkodzo

Mukapita kuchipatala, kaya ndi ku Nambazo kwa Chiwalo kapena ku Holy Family, namwino n'kukupatsani kabotolo kuti mukatayiremo madzi pang'ono, mwina mumachita manyazi. Ambiri pobwerera timakabisa m'thumba kapena kuseri kwa chitenje kuti anzathu a pabenchi asakaone. Komatu madzi ochititsa manyaziwo ndi amene adapatsa madokotala chizindikiro choyamba cha khansa chimene chidapezeka poyeza mu labotale. Izi zidachitikira ku London m'chaka cha 1845, kutatsala zaka 14 kuti David Livingstone afike panyanja ya Chilwa. Chizindikirocho mpaka lero chimadziwika ndi dzina la munthu amene tikambe mbiri yake, Henry Bence Jones.

Iyeyu adabadwa pa 31 Disembala 1813 m'dera la Suffolk ku England. Bambo ake, William Jones, adali mkulu wa asilikali okwera pamahatchi, ndipo mayi ake, Matilda Bence, adali mwana wa mbusa wa mpingo wa Anglican. Adaphunzira ku Harrow kenako ku Trinity College ku Cambridge, komwe adalandira digiri mu 1836. Maganizo oyamba adali oti adzakhale mbusa ngati agogo ake, koma mtima wake sudali kumeneko. Adayambanso kukonzekera zosamukira ku New Zealand, ulendo n'kulephereka. Mapeto ake adakapezeka pachipatala cha St George's ku London, komwe adayamba ndi ntchito yosakaniza mankhwala asanalowe m'kalasi la udokotala.

Kuyambira pansi kumeneku kudamuthandiza. Madokotala ambiri a nthawiyo ankadalira maso, manja ndi khutu basi, pomwe iye adazolowera sikelo, mabotolo ndi moto wa pa labotale. Adaphunzira kemisitiri kwa Thomas Graham ku University College, ndipo mu 1841 adapita ku Giessen m'dziko la Germany kukakhala pamapazi pa Justus von Liebig, katswiri amene alimi ophunzira amamudziwa pa nkhani ya feteleza. Liebig ankaphunzitsa kuti thupi la munthu limatsata malamulo omwewo a kemisitiri amene nthaka ndi mbewu zimatsata, choncho zimene thupi likutaya zikhoza kuulula zimene zikuchitika m'katimo. Bence Jones adabwerera kwawo atagwiritsitsa mfundo imeneyi. Mu 1842 adakwatira msuweni wake, Lady Millicent Acheson, n'kutsegula kalabotale kunyumba kwake, ndipo adayamba kuswa ndi kuyeza miyala imene imapangika mu impso ndi m'chikhodzodzo. Pofika 1845 n'kuti London yonse ya madokotala ikudziwa kuti mkodzo ukasokoneza mutu, wokamufunsa ndi mnyamata wa ku St George's uja.

Tsopano timusiye kaye, tione wodwala amene adamutchukitsa.

Thomas Alexander McBean adali mwini golosale wolemekezeka mumzinda wa London, wa zaka za m'ma 40. Mu Seputembala 1844 ali patchuthi kumudzi, adalumpha potuluka m'phanga ndipo adamva ngati china chake chathyoka m'chifuwa. Adagwa pansi osatha kudzuka kwa kanthawi chifukwa cha ululu. Chithandizo cha masiku amenewo mukachimva mukhoza kuganiza kuti ndi cha kwa sing'anga: adamuchotsa magazi, adamumata pulasitala pachifuwa, ululu utabweranso adamulumika n'kumuika misundu kuti iyamwe magazi ena. Munthu amene magazi ake ankachepa kale ndi matenda adafookeratu. Dokotala wina wotchuka, Thomas Watson, adasintha njira n'kumupatsa kwinini ndi mankhwala a ayironi, ndipo McBean adapezako bwino mpaka kupita kukayenda m'mapiri a ku Scotland m'chilimwe cha 1845. Atabwerako ululu udayambiranso, tsopano m'chifuwa, kumsana ndi m'chiuno, moti kutembenuka pabedi idali nkhondo.

Pa 30 Okutobala 1845 Watson adaitana mnzake, Dr William Macintyre, kuti adzathandizane nzeru. Macintyre ataona kuti wodwalayo watupa, adaganiza za impso ndipo adatenga mkodzo kuti auyeze. Njira yake idali yosavuta. Mkodzo wa munthu wodwala impso umakhala ndi puloteni yotchedwa albumin, imene ikatenthedwa imaundana monga chimachitira choyera cha dzira mupoto. Inu nomwe mukudziwa kuti dzira likapsa lapsa, silibwereranso kukhala madzi. Koma mkodzo wa McBean udachita zachilendo. Chimene chidali m'menemo chinkaundana, ukachitenthetsa kwambiri n'kusungunuka, chikazizira n'kuundananso ngati phala logona. Madokotala awiriwo adathedwa nzeru. Loweruka pa 1 Novembala Watson adatumiza kachubu ka mkodzowo kwa Bence Jones pamodzi ndi kakalata kakafupi kofotokoza zimene adaona ndi kufunsa kuti chinthucho chidali chiyani.

Bence Jones, amene panthawiyo adali ndi zaka 31, sadathamangire kuyankha. Adabwereza zonse zimene anzakewo adachita, adalekanitsa chinthucho ndi madzi a mkodzo, adachiumitsa, adachiyeza pasikelo, n'kufufuza kuti chidapangidwa ndi zinthu zanji. Adatsimikiza kuti ndi puloteni ndithu, koma si albumin wamba wa matenda a impso. Adawerengetsanso kuti wodwalayo ankataya magalamu oposa 60 a puloteniyo tsiku lililonse. Kuti mumvetse kukula kwa nambalayi, munthu wabwinobwino sataya ngakhale kota ya galamu imodzi ya puloteni mumkodzo patsiku. McBean ankataya yolemera ngati dzira lathunthu la nkhuku, tsiku ndi tsiku, kwa miyezi.

Wodwalayo adamwalira pa 1 Januwale 1846. Atang'amba thupi lake adapeza nthiti zofewa zoti n'kudula ndi mpeni wamba, zina zikufumbutuka m'manja, ndipo m'kati mwa mafupa mudadzaza zinthu zofiira zoterera. Dokotala wina, John Dalrymple, adaziika pamakina okuza zinthu zing'onozing'ono n'kujambula maselo amene adaona. Zithunzi zake akatswiri a lero akaziona amazindikira maselo a khansa ya m'mafuta a m'mafupa. Koma pachikalata cha imfa padalembedwa zoti bamboyo adafa ndi kuwonda kobwera chifukwa chotaya puloteni mumkodzo. Mawu oti khansa sadalipo.

Bence Jones adafalitsa zimene adapeza m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 1847, ndipo mu 1848 adazilemba mwatsatanetsatane m'buku la bungwe la Royal Society. Pa kemisitiri yeniyeni ya puloteniyo adaphonya: adaganiza kuti ndi albumin amene wasintha pophatikizana ndi okosijeni, ndipo dzina lalitali limene adaipatsa lidaiwalika kalekale. Chimene adalasa ndi langizo lake loti madokotala azifunafuna puloteni imeneyi mumkodzo wa wodwala aliyense amene mafupa ake afewa. Apa ndiye padagona nzeru yatsopano, yoti nthenda yobisika m'kati mwa fupa ikhoza kusiya phazi lake m'kabotolo ka mkodzo.

Kunena chilungamo, ulemu sudagawidwe bwino pankhaniyi. Amene adayamba kuona zachilendozo ndi Macintyre, amenenso adasamala wodwalayo mpaka imfa. Koma iye adachedwa, adafalitsa nkhani yake mu 1850, mnzake atatchuka nayo kale. Mu 1880 dokotala wa ku Germany, Richard Fleischer, adalemba za puloteniyo poitchula ndi dzina la Bence Jones, ndipo dzinalo lidakanirira. Ngakhale dzina la wodwalayo lidabisika kwa zaka zoposa 100, mpaka mu 1967 pamene wofufuza wina, John Clamp, adalipeza m'kaundula wa imfa.

Nanga puloteniyo ndi chiyani kwenikweni? Yankho lidatenga zaka 117. M'mafuta a m'mafupa mwanu muli maselo amene ntchito yawo ndi kupanga zida zolimbana ndi tizilombo toyambitsa matenda, zimene madokotala amati ma antibody. Chida chilichonse chimapangidwa ndi timaunyolo tinayi, tiwiri titalititali ndi tiwiri tifupitifupi. Selo imodzi mwa maselo amenewa ikapenga n'kuyamba kuswana mosalekeza, imadzaza fupa, imalidya, ndipo ana ake onse amapanga chida cha mtundu umodzi chopanda ntchito. Nthawi zambiri timaunyolo tatifupi timapangidwa tochuluka kuposa tinzake. Popeza n'tating'ono, timadutsa pa sefa ya impso n'kugwera mumkodzo, ndipo podutsapo timatseka ndi kuwononga impsozo. Gerald Edelman ndi Joseph Gally ndiwo adatsimikiza mu 1962 kuti puloteni ya Bence Jones ndi timaunyolo tatifupi timeneti. Edelman adalandira mphoto ya Nobel mu 1972 pamodzi ndi Rodney Porter chifukwa chofotokoza kapangidwe ka ma antibody. Nthenda ya McBean lero imatchedwa multiple myeloma.

Musaione ngati nthenda ya azungu. Ku America, komwe kalembera wa khansa ndi wolongosoka, imagwira anthu akuda kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi oyera. Imakonda anthu achikulire, ndipo zizindikiro zake ndi zimene kumudzi timazichepetsa: msana wopweteka kwa miyezi, nthiti zowawa, kuchepa magazi, kufooka, kudwaladwala, fupa kuthyoka popanda kugwa kwenikweni. Agogo akamadandaula msana timati ndi khasu kapena ukalamba, ndipo nthawi zambiri zimakhaladi choncho. Koma ululu wa m'mafupa umene sukusintha, wophatikizana ndi kuchepa magazi, ndi wofunika kuunena momveka kwa dokotala. Ngakhale kuchipatala nthendayi imatha kusokonezedwa ndi TB ya msana.

Pali chinthu china chimene ambiri sadziwa. Kapepala kamitundumitundu kamene amaviika mumkodzo m'zipatala zathu kamamva kwambiri albumin, koma puloteni ya Bence Jones kamatha kuiphonya ngakhale ili yambiri. Choncho kapepalako kakaonetsa kuti mulibe puloteni, sizitanthauza kuti nthendayi palibe. Kuipeza kumafuna makina olekanitsa mapuloteni a m'magazi ndi mumkodzo pogwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi, kujambula mafupa, komanso kutenga pang'ono mafuta a m'fupa kuti akaunikidwe. Izi ndi ntchito za zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo njira yofikirako imayambira pa kalata yochokera kuchipatala cha kwanu.

Kwa inu a kwa Chiwalo ndi madera onse ozungulira nyanja ya Chilwa, nkhani ya mkodzo ndi khansa ili ndi mbali ina yoyandikira kwambiri. Patangopita zaka zochepa McBean atamwalira, mu 1851, dokotala wa ku Germany Theodor Bilharz adapeza ku Cairo nyongolotsi zoyambitsa likodzo. Tizilombo take timakulira mu nkhono za m'madzi odikha, ndipo timaboola khungu la msodzi, mlimi wa mpunga, mayi wochapa kapena mwana wosambira. Nyongolotsizo zikakula zimaikira mazira m'khoma la chikhodzodzo. Ena amatuluka ndi mkodzo pamodzi ndi magazi, ena amatsakamira momwemo n'kumapanga zilonda chaka ndi chaka. Mu 1911 A.R. Ferguson, wogwiranso ntchito ku Cairo, adaonetsa kuti odwala khansa ya chikhodzodzo kumeneko adali ndi mazira amenewa, ndipo mu 1994 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO idaika likodzo la m'chikhodzodzo m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Mnyamata akamakodza magazi ena amati ndi kukula, si kukula ayi. Mapiritsi a praziquantel amene amagawidwa m'masukulu amapha nyongolotsizo, ndipo mwana amene wawamwa wachotsa zilonda zimene zikadadzamuvutitsa ali bambo. Munthu wamkulu amene akuonabe magazi mumkodzo atamwa kale mankhwala a likodzo asangobwereza mapiritsi, abwerere kuchipatala akapemphe kuunikidwa chikhodzodzo.

Mwina mukufunsa kuti, ngati mkodzo umaulula chonchi, bwanji boma osangoyeza aliyense kamodzi pachaka? Maganizo amenewa asayansi ali nawo, ndipo akupitiriza njira imene Bence Jones adalambula. Kunja kuli kale zoyezera monga NMP22, BTA ndi UroVysion zofufuza zizindikiro za khansa ya chikhodzodzo mumkodzo, komanso PCA3 ya khansa ya prostate mwa abambo. Ena akuyesa kupeza mumkodzo kachirombo ka HPV koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero, imene ikupha amayi ambiri m'dziko muno, kuti mayi wamanyazi asamachite kugona pabedi loyezera. Ubwino wa mkodzo ndi woonekeratu: sufuna singano, supweteka, ndipo aliyense ali nawo.

Vuto lili pa kusiyana kwa kuyeza munthu wodwala ndi kuyeza khamu la anthu athanzi. McBean adali ndi mafupa owawa ndipo adali wotupa, mkodzo udangothandiza kumasulira zimene zinkaoneka kale. Tingoyerekeza mudzi wa anthu 1,000 opanda chodandaula, mwa iwo awiri okha ndiwo ali ndi khansa ya chikhodzodzo. Tinene kuti choyezera chathu chimanamizira anthu 10 pa 100 alionse athanzi. Ndiye kuti anthu pafupifupi 100 auzidwa kuti mwina ali ndi khansa pomwe alibe. Onsewo asowa tulo, ena agulitsa mbuzi kuti apeze thiransipoti ya ku Zomba kapena ku Blantyre, akaima pamzere wa kachubu ka kamera kolowetsa m'njira ya mkodzo, ndipo awiri odwaladi aja adikira pamzere womwewo. Kumalo a likodzo zinthu zimaipirapo, chifukwa magazi, mafinya ndi kutupa kwa chikhodzodzo ndi zimene zimasokoneza zoyezera zina mwa zimenezi. N'chifukwa chake ngakhale m'mayiko olemera zoyezerazi zimagwira ntchito pothandiza dokotala pa munthu amene ali ndi zizindikiro kapena amene adachizidwapo khansa, osati posesa mudzi wonse. Wina akabwera pamsika ndi kamakina n'kumati akuuzani za khansa iliyonse ndi dontho limodzi la mkodzo, ndalama zanu zisatuluke m'thumba. Kuyeza kotsimikizika kumene amayi angapeze pafupi lero ndi kuunika khomo la chiberekero ndi viniga, ndipo atsikana a zaka 9 akhala akulandira katemera wa HPV kuyambira mu 2019.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Chodabwitsa n'chakuti iye sadaione puloteni ija ngati chinthu chachikulu pamoyo wake, adangopitiriza ndi zina. Mu 1846 adasankhidwa kukhala membala wa Royal Society ndipo adakhala dokotala wamkulu pa St George's mpaka 1862. Adalemba zambiri za miyala ya mu impso, nyamakazi ya gout ndi matenda a shuga, ndipo ankakakamira ophunzira ake kuti asamalize kuona wodwala asanayeze mkodzo. Florence Nightingale ankamulemekeza kwambiri pa udokotala wa kemisitiri ndipo ankamufunsa nzeru pa nkhani za zipatala ndi maphunziro a anamwino. Charles Darwin, amene adavutika ndi m'mimba kwa zaka zambiri, adapita kwa iye mu 1865. Bence Jones adamuchepetsera chakudya kwambiri, kenako n'kumulangiza kuti azikwera hatchi tsiku ndi tsiku, ndipo Darwin adapezako mphamvu zobwerera ku zolemba zake.

Ntchito yake ina imene ineyo ndimaiona kuti idayenera kumutchukitsa ndi ya kayendedwe ka mankhwala m'thupi. Masiku amenewo palibe ankadziwa kuti mankhwala ukamwa amafika kuti ndipo amatenga nthawi yotani. Iye adapatsa nyama mchere wa lithium n'kumaufufuza m'ziwalo zosiyanasiyana pogwiritsa ntchito kuwala kwa lawi la moto. Adaupatsanso odwala ng'ala amene ankayembekezera opaleshoni, ndipo adaupeza m'kagalasi ka diso kamene madokotala adachotsa, malo amene mulibe mitsempha ya magazi. Adachitanso chimodzimodzi ndi kwinini, mankhwala a malungo omwe aja Livingstone ankayenda nawo m'chigwa cha Shire. Mukamauzidwa kuti piritsi ili mumwe kawiri patsiku, lina katatu, dziwani kuti kuwerengetsa kotereku kudayamba ndi ntchito ngati imeneyi.

Kuyambira 1860 adali mlembi wa bungwe la sayansi la Royal Institution, komwe adali bwenzi ndi dokotala wa Michael Faraday, katswiri uja wa zamagetsi. Faraday atamwalira mu 1867, Bence Jones adasonkhanitsa makalata ake n'kulemba mbiri ya moyo wake m'mabuku awiri.

Nthenda yake yomwe adaipeza yekha. Mu 1861 mtima utayamba kugunda modumphadumpha, adadziika choyezera pachifuwa n'kumva phokoso la valavu yowonongeka. Adachepetsa ntchito, koma sadaleke kulemba ndi kuyendetsa za Royal Institution. Zaka zotsatira adayamba kutupa ndi kubanika, ndipo adamwalira kunyumba kwake ku Brook Street ku London pa 20 Epulo 1873 ali ndi zaka 59, masiku 11 Livingstone asanamwalire kwa Chitambo. Adaikidwa kumanda a Kensal Green. M'chaka chomwecho dokotala wina, J. von Rustizky, adapatsa nthenda ya McBean dzina loti multiple myeloma. Olemba za imfa ya Bence Jones adayamikira ntchito yake pa miyala ya mu impso ndi matenda a shuga, koma za puloteni ya mumkodzo wa mwini golosale uja sadazitchule.